Munda pa Kapinga wa Aphungu

Phungu wina anavutika nayo zaka bilu yake yofuna kuti ikhale lamulo. Inali ndi mitu iwiri: kuti antchito a m'maesiteti akavulala kapena kukalamba azilandira chithandizo mwezi ndi mwezi, ndiponso kuti amene akhalitsa pamalo a eni esiteti apatsidwe timinda tomwe amalima, tikhale tawotawo.

Tsiku lovota litayandikira, mkulu wa chipani anamuitanira mu ofesi natseka chitseko. Anamuuza mosapita m'mbali kuti aphungu ambiri ali ndi maesiteti, ndipo palibe angadzidule yekha chala. Akachotsa za malo, za chithandizo zidutsa. Akaumirira, zonse zifera limodzi. Phunguyo anamenya tebulo mpaka tiyi anatayikira pamapepala, nawatchula anzakewo mbava zovala mataye. Mkuluyo anangopukuta tiyiyo ndi mpango, kumudikira kuti amalize. Mawa lake phunguyo anaimirira m'Nyumba ya Malamulo nachotsa yekha mutu wa malo. Aphungu anzake anamuombera m'manja, ndipo biluyo inadutsa.

Eni maesiteti sanachedwe. Poopa kuti nkhaniyo ingadzabukenso, anayamba kuthamangitsa onse okhalitsa. Pakati pawo panali mchemwali wake wa phunguyo, amene anamulera makolo atamwalira, pamodzi ndi mwamuna wake yemwe makina anamudula dzanja.

Loweruka m'mawa phunguyo anadzidzimuka ndi kulira kwa khasu. Atasuzumira pawindo la nyumba ya boma imene ankakhala, anaona ndowa ndi mitolo ya zovala pakhonde, alamu ake atakhala pampando, mchemwali wake akugalauza kapinga.

Anatuluka osavala nsapato. Anafotokoza kuti alamu tsopano azilandira chithandizo moyo wawo wonse, kuti akanakakamira sakanapata kanthu, kuti nkhondoyo anaimenya yekhayekha ena akugona m'mipando.

"Chithandizocho tizikachidyera pati, mumtengo?" anatero mchemwali wake osaweramuka. "Unatiuza kuti tiimirire pamsonkhano, tinene kuti takhalitsa. Tinaimirira. Abwana anationa nkhope."

"Achemwali, malo ano ndi a boma. Mukufuna kundichititsa manyazi?"

"Boma si ndiwe? Itana apolisi andichotse. Ndazolowera."

Phunguyo anaponda ndowa ndi mkwiyo mpaka inagubuduzika, nadzipweteka chala. Alonda atathamangira kudzafunsa ngati awatulutse anthuwo, ukali wonse unathera pa iwo: anawakalipira kuti abwerere kugeti, asadzayerekeze kukhudza mtolo ndi umodzi womwe. Alamu ake anangoti mvula ili pafupi.

Nyumba ya Malamulo itakumananso, phunguyo anabweretsa mutu wa malo ngati bilu yapayokha. Palibe anaimirira kumuvomereza, ndipo chipani chinamuchotsa mu komiti. Kunyumba mchemwali wake sankamuyankha moni. Tsiku lina pobwera kuntchito anapeza mizere ya nyemba yafika pomwe ankaimika galimoto. Anatukwana chamumtima, nabwerera chafutambuyo kukaisiya kunja kwa geti.