Foni Ziwili kwa Musa

Consolata atalowa m'chipinda cha opaleshoni, nesi anauza mwamuna wake, Josphat Daka, kuti achoke pakhomo.

"Bambo, mwazungulila pano kuyambila m'mawa. Kadyeni kaye."

Josphat anali atabwela ndi mkazi wake kuchokela kumudzi kwawo ku Nyampande dzulo lake, mwana atakhala mopingasa m'mimba. Wendy, mng'ono wake wa Consolata, anamukankha paphewa. "Pitani, alamu. Kukachitika chilichonse ndikuimbilani."

Josphat anatsikila cha kumsika wa Petauke osadziwa kumene akupita. Kuseli kwa masitolo ogulitsa malata anaona kachipinda kopaka utoto wobiliwila, muli mabenchi atatu, pakhomo pali bolodi la mitengo yotsika kuposa ya kusiteshoni ya mabasi. Analowa chifukwa miyendo inali italema.

Mwini wake anali bambo wamtali wa imvi m'ndevu. Anati dzina lake ndi Musa, kwawo ndi ku Sudan. Chinyanja chake chinali chothyokathyoka koma chomveka.

"Lelo kuli ful basi. Nyemba za kwathu, zosinja, tithila mafuta, anyezi ndi mandimu. Mudyela buledi."

Josphat anavomela, nalipila, n'kutulutsa foni. Moto unali utatsala kamzele kamodzi kofiila. Chaja anali ataiwala kumudzi.

"Amai akunyumba ali ku opaleshoni," anatelo. "Foni ikazima sindimva kanthu."

Musa sanafunse zambili. Anaitenga foniyo n'kuilumikiza pachaja pashelefu, pafupi ndi yake yosweka galasi.

Chakudya chinabwela m'mbale yachitsulo, chikununkhila zokometsela zimene Josphat sanazidziwe. Ananyema buledi, kususa, kuika m'kamwa. Zinali zokoma, koma anakankhila mbale pambali. Anaimilila kukayang'ana foni, n'kukhalanso. Posakhalitsa anaimililanso.

"Khalani pansi, bambo," anatelo Musa. "Ikalila timva tonse. Ine khutu langa limakhala pashelefu pamenepo tsiku lonse."

"Nanunso muli ndi wodwala?"

Musa anapukuta tebulo limene linali loyela kale. "Mlongo wanga. Anathawa nkhondo ndi ana atatu. Uthenga womaliza anati akwela lole yopita kumalile. Lelo ndi tsiku la khumi ndi chimodzi."

Josphat anangoyang'ana mafuta akuzizila pamwamba pa nyemba.

Mwadzidzidzi foni inalila. Onse awili anathamangila kushelefu, benchi n'kugwa. Inali ya Musa. Anaiika kukhutu ndi manja onse awili, maso ali tong'oo, kenako mapewa anagwa.

"Mbale zinayi? Chabwino, tumani munthu." Anaibwezela pashelefu pang'onopang'ono. "Anyamata a kugalaja afuna chakudya."

Anadzutsa benchi lija n'kuthilila Josphat tiyi wakuda wa jinja, m'kagalasi kakang'ono kotentha zala. Awiliwo anakhala moyang'anizana. Panja panadutsa ngolo ya ng'ombe yodzaza makala. Josphat anayamba kuwelenga mabowo a misomali padenga, koma maganizo anali pa nkhope ya Consolata pamene ankamukankha pamachila, milomo itauma, akumuyang'ana osaphethila.

Foni inalilanso. Ulendo uno inali yake. Chala chinaphonya batani kawili.

"Alamu!" anali Wendy, akupuma mwabefu. "Mwana wabadwa, wamkazi, walila. Koma achemwali ataya magazi ambili, sanadzukebe. Bwelani msanga."

"Apuma? Wendy, apuma?"

"Apuma, koma bwelani!"

Musa anali atazula kale foni pachaja ndi kumutsegulila chitseko. "Thamangani. Mulungu akutsogoleleni."

Josphat anathamanga kudutsa pakati pa ogulitsa matimati, patapata imodzi n'kudukila m'njila, osaima kuti aitole. Kuchipatala anapeza Consolata atagonekedwa, thumba la magazi likudonthela m'mkono mwake. Nesi anamuloleza kukhala pampando wapafupi. Wendy anamuonetsa mwana wokutidwa m'chitenje, koma iye anangomuyang'ana kamodzi, maso n'kubwelela pachifuwa cha mkazi wake kuona ngati chikukwela ndi kutsika.

Anakhala choncho maola awili. Dzuwa litapendeka, Consolata anatsegula maso, nayang'ana denga, kenako mwamuna wake. Milomo inagwedezeka. Josphat anawelamila pafupi kuti amve.

"Nonse muli kuno," ananong'ona. "Nanga kudimba wathilila ndani?"