Mbewa Pachifuwa pa Ba Julia

Ba Julia a ku Woodlands sankafuna kumva ngakhale dzina la njoka. Koma m'chipinda cha mwana wawo Keziah munali kansato m'bokosi lagalasi, ndipo mufiriji, pansi pa nkhuku, munali mbewa zake zouma gwa.

Keziah anachoka pakhomo atakangana ndi mayi ake chifukwa cha kansato komweko. Ba Julia anati ndi ka Satana, iye n'kulongedza zake kupita ku Chelstone, kumene mwininyumba anamulandira koma anakana njoka. Chichokereni ankaimba foni ndi funso limodzi basi: "Mami, yadya?" Akayankhidwa, ankadula. Ba Julia ankadziwa kuti tsiku limene njokayo idzafe, foni nayo idzasiya kulira, ndipo zimenezi zinkawaopsa kuposa njokayo.

Kuzizira kwa mu Juni kutafika, kansato kanayamba kukana chakudya mpaka khungu kuchita makwinya. Keziah anali atawauza kuti mbewa isungunuke kaye payokha, kenako ifunde ngati yamoyo, poti nsato imatsata kutentha kwa thupi. Koma tsiku lina magetsi anazima kuyambira m'mawa. Ba Julia anawiritsa madzi pambaula, ndipo pokhala mayi wozolowera kusosola nkhuku, mbewa ija anaiphika ndithu. Kansato kanangoinunkhiza n'kubweza mutu.

Inatsala mbewa imodzi. Itasungunuka m'mbale, inali yozizirabe ngati mwala wa kubafa. Ba Julia anaiyang'ana nthawi yaitali. Keziah anabadwa masiku asanakwane, kakang'ono kokwana m'manja, ndipo anamwino anawauza kuti azimumangirira pachifuwa, khungu kukhungu, mpaka atalimba.

Anakulunga mbewayo m'pulasitiki, napepesa kwa Mulungu, n'kuilowetsa m'bulauzi. Anamanga chitenje pamwamba nakakhala pakhonde. Ba Chomba oyandikana nawo nyumba anasuzumira pampanda, n'kuyesa kuti akumva kuwawa pachifuwa.

"Muli shani, ba Julia? Mwagwila chifuba, chibaba?"

"Iyayi, ni mphepo chabe."

Atamva kuti kanthuko kafanana kutentha ndi thupi lawo, analowa m'chipinda, naigwira kumchira ndi chopanira n'kuigwedeza pang'ono kutsogolo kwa njoka. Kansato kanatulutsa lilime, kanasendera, kenako kanaiwakha n'kuikulunga. Ba Julia anakhala pabedi la Keziah.

Madzulo foni inalira.

"Mami, yadya?"

"Yadya."

"Manje mwaifundisa bwanji? Malaiti kulibe town yonse."

"Mwamene nenze kukufundisila iwe pamene unabadwa. Pa chifuba."

Ba Julia anadikira kuti foni idulidwe monga mwa masiku onse, koma ankangomva maminibasi akuimba mahutala ku Chelstone. Kenako Keziah anakonza pakhosi.

"Nanga imwe, Mami, mwadya?"