Chala cha Atsibweni

"Makina akukana, mayi. Chala chimene akuchidziwa si chanu," anatero namwino, akubweza tabuleti.

Stelia anapukuta chala pachitenje n'kuchitambasulanso. "Yesaninso. Ndine mkazi wake. Zaka 22 tili pabanja."

Namwinoyo, dzina lake Asiatu, anayesanso mongomupepesa mtima. Kunabwera mzere wofiira womwewo.

Pabedi Kefasi anali thapsa, maso otseka, milomo ili mbuu. Anagwa m'mawa m'chigafa, akusankha fodya pa esiteti ina ya ku Kapondo komwe iye ndi mkazi wake anali matenanti. Pachifuwa pake panali kachipangizo konga chitsekerero cha botolo. Bungwe lina linamupatsa chaka chatha kuti kaziwerenga kagundidwe ka mtima wake usana ndi usiku.

"Kachinthuka ndimakatchaja ndine," anatero Stelia. "Akamasamba ndimakachotsa, akatha ndimakabwezera. Lero kakundikana?"

Asiatu anakhala pambali pake. "Kameneka sikasunga kanthu, mayi. Zonse kamatumiza kubuku lotchedwa bulokutcheni. Si buku la mapepala ayi. Lili m'makompyuta ambirimbiri m'mayiko osiyanasiyana, ndipo palibe angafufutemo kanthu kapena kusuzumiramo mwakuba. Ngakhale adokotala. Amatsegula ndi mwiniwake, kapena munthu amene mwiniwakeyo anasankha."

"Nanga chala cha mwiniwake si icho?"

"Chake chimayendera limodzi ndi manambala achinsinsi. Manambalawo ali m'mutu mwake."

"Ndiye mungomupatsa mankhwala."

"Adokotala ali ndi mankhwala amitundu iwiri. Ena ndi a mtima wothamanga, ena ndi a mtima woimaima. Akapereka olakwika amupha. Akufuna aone kaye mmene mtimawu wakhala ukuyendera miyezi yapitayi."

Stelia anafunsa kuti, "Anasankha ndani?"

Asiatu anawerenga. "A Rodrick Mbewe."

Amenewo anali atsibweni a Kefasi, mlongo wa malemu amayi ake, a ku Chiosya. Stelia anatulutsa foni m'thumba n'kuwaimbira.

Kale ku Mchinji matenda a munthu ankadziwika mudzi wonse. Ukatsokomola kumunda m'mawa, dzuwa lisanapendeke anthu afika kale ndi mizu, ena ndi miseche. Lero mtima wa tenanti umasungidwa bwino kuposa tenantiyo, m'mayiko oti iye mwini sangaloledwe n'kuponda komwe.

A Rodrick anafika masana pa kabaza, atavala jekete lopitira kutchalitchi, fumbi lofiira lili m'nsidze. Anaima pakhomo la wodi, chipewa m'manja.

"Mwaswera bwanji, mayi a Mwayi? Ana ali bwa..."

"Chala, atsibweni. Moni tipatsana pambuyo."

Mkuluyo anatambasula chala chachikulu. Makina anakana. Asiatu anachiyang'anitsitsa chalacho, chosalala ngati mpini wakale.

"Agogo, mizere ya zala zanu inapita kuti?"

"Kafunseni khasu, mwana wanga. Ina inatsala m'fodya wa azungu."

"Nanga tsiku lolembetsa zinatheka bwanji?"

"Inali nthawi ya chilimwe. Manja anali patchuthi."

Asiatu anaseka pang'ono, koma atamuyang'ana Stelia analeka. Anatenga mafuta odzola, n'kupaka chalacho, n'kuchidinikiza. Kachitatu, mzere unasanduka wobiriwira.

Adokotala anabwera msangamsanga. Anali mnyamata wamagalasi, wotopa ngati wagona m'basi. Anayendetsa chala pa tabuleti, kukwera, kutsika, kenaka anauza Asiatu mankhwala oti abaye. Atatero anatembenuka.

"Mayi, bwanji simunabwere naye mu Januwale?"

"Mu Januwale anali bwinobwino."

"Mtima wake wakhala ukuima kuyambira Januwale. Timasekondi tingapo, kenaka n'kuyambanso. Zachitika koposa ka 40. Ndipo nthawi iliyonse uthenga wochenjeza unkapita pa foni." Anawerenganso. "Pa foni ya a Mbewe. Uthenga uliwonse unatsegulidwa, tsiku ndi ola zalembedwa apa. Bukuli siliiwala."

M'wodimo munangomveka kubuula kwa munthu wa pabedi lakumapeto. A Rodrick anali kupinda chipewa chawo.

"Munkadziwa," anatero Stelia.

"Anachita kundipempha, mayi a Mwayi."

"Ka 40."

"Anabwera kwathu panjinga, foni italira koyamba. Anati, atsibweni, amayi a Mwayi akamva andiletsa kulowa m'munda. Fodya akaonongeka, eni esiteti atichotsa, ndiye ana tikawasunga kuti? Kwanu munda munagawana kale. Anati tingomaliza kusankha fodya, ndikadzipereka ndekha kuchipatala." Mkuluyo anapuma. "Ine ndinati, mphwanga, zimenezi si zobisa. Anandigwira mwendo. Munthu wamkulu, wa ana asanu, kundigwira mwendo."

"Foni ikalira munkatani?"

"Ndinkamuimbira. Akayankha, ndinkati zikomo Ambuye."

"Ine ndili pompo, ndikumuikira madzi kubafa."

"Matenda a munthu amauzidwa eni ake. Ndi mwambo wathu, inunso mukuudziwa."

Stelia anaseka, kuseka kosatuluka bwino. "Eya, chibale n'fupa, sichiola. Nanga ukwati n'chiyani, atsibweni? Mnofu? Mu Febuluwale anakhala pansi pakati pa mzere, ine n'kumunena kuti ulesi wayamba. Ndinamunena, anthu akumva. Iye anangoseka, n'kudzuka."

Misozi inatsika m'fumbi la kumaso kwa a Rodrick n'kusiya tinjira.

Adokotala anayankhula motsitsa mawu. Mankhwala amuthandiza kupuma bwino, mwina atsegula maso. Akanabwera miyezi iwiri yapitayo, akanamutumiza ku Lilongwe kuti akaone zomuika kabatire kothandiza mtima. Koma pano mtimawo watopa kwambiri, ulendo sangaupirire.

"Masiku angati?" anafunsa Stelia.

"Itanani ana," anatero adokotala, n'kupita kubedi lina.

Asiatu anakonza diripi, kenaka anaima ndi tabuleti ija, osadziwa koyang'ana.

"Mayi, pali njira. Agogowa akavomera, tikhoza kuwonjezera dzina lanu. Uthenga uzibwera pa foni yanunso. Muziona chilichonse, ngakhale zam'mbuyo zonse."

A Rodrick anatambasula chala chawo nthawi yomweyo, chikunyezimirabe mafuta. "Lembani, mwana wanga. Lembani msanga."

Stelia anachiyang'ana chalacho.

"Zam'mbuyo ndazimva," anatero. "Musiyeni mmene analembera."

"Mayi a Mwayi..."

"Pitani mukatenge ana, atsibweni. Mwayi ali kusukulu, enawo ali kwa aneba. Muwauze nokha. Ndinu eni ake."

Mkuluyo anavala chipewa, anachivulanso, kenaka anatuluka.

Stelia anakokera mpando pafupi ndi bedi. Anamasula mabatani awiri a malaya a Kefasi, onunkhabe fodya, n'kugoneka khutu lake pachifuwa, pambali pa kachipangizo kaja. Mtima unagunda, unagunda, n'kukhala chete. Iye anagwira mpweya wake, kudikira.

Unagundanso.