Chithunzi Chomaliza cha Chamanzere

Mayi Diso anachizindikira chithunzicho chisanatuluke n'komwe m'bulangete. Ngodya imodzi ya felemu inali itasuzumira kunja, yosupuka utoto pamene chitseko chinkagunda.

"Asisi, musandiyang'ane choncho," anatero mng'ono wawo akuchigoneka patebulo la kuntchito kwawo. "Amayi anapita. Kwanga khoma limachita chinyezi, chingowonongeka. Bola chipite kwa anthu odziwa kusamala."

"Ukanandifunsa kaye."

"Mukanalola?"

Nyumba imene Mayi Diso ankagwirako ntchito inali yogulitsa zithunzi pa okushoni, ndipo mlungu umenewo makoma onse anali odzaza poti malonda anali Loweruka. Panali chinsalu chachikulu ngati chitseko cha galaja, chopakidwa utoto wofiira wokhawokha, chimene mlonda ankalumbira kuti iye akhoza kujambula ngakhale ataledzera. Panali nkhope za maso atatu, mizinda yopendekeka, ndi mapepala odinda ambirimbiri, lililonse ndi nambala yake ya pensulo m'munsi. Palibe chimene chinkakwera pakhoma chisanadutse patebulo la Mayi Diso. Zaka makumi awiri ndi zisanu anali akuwerama pamenepo ndi galasi lawo lokulitsira zinthu, ndipo dzina loti Diso anawapatsa ndi anthu amene ankabwera ndi zabodza n'kubwerera nazo akutukwana. Iwo akasaina kuti chinthu n'chenicheni, ogula sankafunsanso.

A Nyundo, mwini nyumbayo, amenenso ankaitanira mitengo pa tsiku la malonda, anatulukira ali ndi kapu ya tiyi m'manja. Atawerenga nambala ya m'munsi mwa chithunzicho anaika kapuyo pansi mosamala ngati dzira.

"12/12," ananong'ona. "Cha Chamanzere! Mayi inu, anthu akhala akuchisaka zaka zonsezi, inu muli phee, chinthucho chili pakhoma kwa amayi anu?"

Chamanzere anali mlongo wawo wamkulu wa Mayi Diso, ndipo anamwalira zaka makumi atatu zapitazo, dzina lake likungoyamba kumveka. Ndi dzanja lamanzere, limene linamupatsa dzinalo, ankazokota chithunzi pathabwa, kulipaka inki, kuyalapo pepala, n'kusisita kumbuyo kwa pepalalo ndi supuni mpaka chithunzi chitasamukira. Lamulo lake linali limodzi: thabwa lililonse libereke mapepala khumi ndi awiri basi. Akadinda lomaliza ankatenga tchizulo n'kudula mtanda waukulu pankhope pa thabwalo kuti lisadzaberekenso. Iye ankati kumeneko n'kupha thabwa.

Pathabwa lake lomaliza anazokota khomo lotsegula pang'ono ndi nsapato ziwiri zosiyidwa pakhomopo. Anadinda mapepala khumi ndi limodzi, matenda n'kumugwetsa. M'chipatala anagwira mkono wa Mayi Diso ndi dzanja lamanzere lija, lomwe linali litangotsala mafupa.

"Ukaliphe thabwa lija. Wamva? Wina asalikhudze."

Sanaliphe. Maliro atatha amayi awo anasiya kudya. Ankangokhala pakhonde n'kumadandaula kuti mwana wawo wagawira alendo zithunzi zake zonse, iwo omubala osawasiyira ngakhale chimodzi. Ndiye masana ena Mayi Diso, panthawiyo akadali mtsikana, anadzitsekera m'chipinda cha malemuyo. Anapaka inki, anayala pepala, anasisita ndi supuni yomweyo mpaka phewa kuwawa. Siginecha ya mlongo wawo anaiyeserera panyuzipepala maulendo osawerengeka asanailembe. Chifukwa cha mantha anagwira m'mphepete mwa pepala ndi chala chainki, ndipo chidindo cha chalacho anachibisa pansi pa katoni ya felemu. Kenaka anakauza amayi kuti achipeza m'kabati.

"Chomalizacho anasungira inuyo."

Amayi anadya tsiku lomwelo. Kuyambira pamenepo mlendo aliyense ankayamba waimikidwa pachithunzicho asanapatsidwe mpando. "Uyu yekha ndiye ankandiganizira," ankatero, nthawi zina Mayi Diso ali pomwepo akuwathowa miyendo kapena kuwasankhira mapiritsi. Zinkawawawa, koma ankameza. Mumtima ankati: tamandani yemwe mukufuna, chithunzicho ndine.

Koma mlandu suwola. Onani lero wafika wokha, wokulungidwa m'bulangete.

"Poti ndinu achibale, siginecha yanu yokha siyikwana," anatero a Nyundo akusisita manja. "Mawa ndiitana aphunzitsi aja a ku koleji, amene analemba za Chamanzere. Mudzasaina nonse awiri."

Mayi Diso ankawadziwa aphunzitsiwo. Anali munthu wosathamanga, wonunkhiza pepala asanalikhudze. Sakanatha ngakhale mphindi zisanu asanaone kuti wosisitayo anali wa dzanja lamanja. Ndiye mawa ntchito idzatha, dzina lidzatha, ndipo aliyense amene anagula chinthu podalira siginecha yawo adzayamba kuchiyang'ana ndi diso lina. Anaganiza zobweza chithunzicho kwa mng'ono wawo, koma a Nyundo anali kale pafoni, akuuza ogula akuluakulu kuti chotayika chapezeka.

Masana, anzawo atapita kokadya, anatseka chitseko n'kuyatsa nyale ya patebulo. Anazula timisomali tadzimbiri ta kumbuyo kwa felemu, kamodzikamodzi, timene anakhoma okha kalelo. Atachotsa katoni, fungo linawagunda. Linali fungo la inki yaiwisi, ngati pepalalo ladindidwa m'mawa womwewo, ndipo pansi pa fungolo panali lina, la mafuta amene mlongo wawo ankadzola m'manja khungu likasweka. Anatembenuka. M'chipindamo munalibe munthu, koma zithunzi zotsamira khoma zokha.

Anatembenuza pepala n'kuika galasi. Supuni imasiya mizere yonyezimira kumbuyo kwa pepala, ndipo mizereyo sinama: ya wamanja imapendekera kwina, ya wamanzere kwina. Anayang'ana, anapukuta galasi ndi nsonga ya bulauzi, anayang'ananso. Mizere yonse inali ya wamanzere, yakuya, yotsimikiza, ya munthu amene wasisita mapepala zikwi.

Siginecha nayo. Iwo anailemba monjenjemera, akuimaima, ndipo ankakumbukira pamene pensulo inawathyokera. Iyi inali yolembedwa ndi mpweya umodzi, yomaliza ndi kadontho koboola pepala monga ankachitira mwini wake.

Chinatsala ndi chala. Chidindocho chinalipo, pamalo pomwepo, pangodya ya m'munsi. Anayandikiza chala chawo chachikulu pambali pake. Cha papepalacho chinali chachikulu koposa, chotambalala, ndipo pakati pake panadutsa mzere woyera wa chipsera. Chipsera chimenecho Mayi Diso anachimanga okha ndi kansalu ali ndi zaka khumi, tsiku limene tchizulo inaterereka m'manja mwa mlongo wawo.

Anakhala pampando. Anafufuza ngati wina anasinthanitsa pepalalo, koma kumbuyo kunali kabanga ka tiyi kamene anadonthezera okha tsiku lija, ndipo timisomali tinali tisanazulidwepo. Pepala linali lomwelo.

Aphunzitsi anafika m'mawa mwake, jekete lawo lonunkha choko. Ananunkhiza, anawerama, anang'ung'udza. Pamene anafika pachidindo cha chala anavula magalasi n'kupukuta m'maso.

"Chala ichi ndachionapo kawiri kokha m'moyo wanga," anatero. "N'chake. Palibe chokayikitsa."

A Nyundo anawomba m'manja. Apa ndi pamene Mayi Diso anayenera kupuma, kuthokoza Mulungu, n'kusaina. Anapulumuka. Koma chimene chinawadzadza pachifuwa sichinali mpumulo, chinali mkwiyo, ndipo anadzimva akulankhula asanaganize.

"Si chake. Ndinadinda ndine. Iye anali atagona kale kumanda milungu itatu."

A Nyundo anaseka pang'ono, n'kusiya ataona nkhope yawo.

"Mayi, mwaferedwa posachedwapa. Mtima ukalemedwa..."

"Musandinyengerere ngati mwana, bwana. Ndinapaka inki ndi manja awa. Siginecha ndinaba ndine."

"Ndinu wamanzere?" anafunsa aphunzitsi mofatsa.

"Ayi."

"Tandionetseni chala."

Anatambasula dzanja. Aphunzitsi anachiyang'ana, kachala kosalala kopanda chipsera, n'kuyang'ana a Nyundo momwe anthu amayang'anirana pambali pa bedi la wodwala.

"Thabwa ndili nalo," anatero Mayi Diso. "Silinaphedwe. Iye sankasiya thabwa lamoyo akamaliza mapepala khumi ndi awiri, inu mukudziwa. Ndidikireni."

Anakwera basi dzuwa likuswa mtengo, ndipo anabwerera atafungata thabwalo. Linali pamwamba pa wadirobu yawo zaka zonsezo, lokulungidwa m'chinsalu chakale cha patebulo, lomangidwa ndi chingwe cha nsapato. Mfundo zake zinali zitauma moti a Nyundo anachita kudula ndi lumo. Fumbi linauluka, aphunzitsi anayetsemula, chinsalu chinatseguka.

Mtanda unali pamenepo, kuchokera ngodya kufika ngodya, wodula khomo lija ndi nsapato zomwe. Mayi Diso anaugwira ndi chala poyembekeza kupeza mtengo woyera, wodulidwa kumene. Mkati mwa mdulidwewo munali mwakuda ndi ukalamba, ndipo kangaude anali atafera momwemo kalekale.

"Taonani mmene tchizulo inalowera," anatero aphunzitsi mosangalala, akulondola ndi nsonga ya pensulo. "Kuchokera kumanja kutsikira kumanzere. Anamaliza ntchito yake, mayi. Anadinda, anasaina, n'kulipha."

A Nyundo anawakankhira fomu ndi cholembera. Sanawakakamize. Anangoti, "Inu mumatiuza nthawi zonse kuti tisamasaine zimene tamva, tizisaina zimene taona. Ndiye mwaona chiyani?"

Anayang'ananso komaliza, ngati kuti pepalalo liwamvera chisoni. Diso lawo, limene silinawanamizepo, linkati n'chenicheni. Anasaina.

Loweruka holo inadzaza. Amuna a masuti ankadzikupiza mphepo ndi timabuku ta malonda, amayi ena atanyamula timatabwa ta manambala pamiyendo, ndipo m'mbali munali atsikana ogwira mafoni a ogula akutali. Chinsalu chofiira chija chinagulidwa, mlonda n'kupukusa mutu. Kenaka anthu awiri ovala magolovesi oyera anabweretsa khomo ndi nsapato zija.

A Nyundo ankadziwa kuphika nkhani. Anatsitsa mawu mpaka anthu kuwerama. Anasimba za mnyamata waluso amene, imfa ili pakhomo, anadzikoka kuchoka pabedi, n'kudinda pepala lomaliza, osati la ogula, koma la mayi ake. M'holomo munamveka kuusa moyo. Timatabwa tinayamba kukwera.

Mayi Diso anaima kumbuyo, pafupi ndi chitseko, ndipo pamenepo ndi pamene anamvetsa chimene chinkawadya. Sankaopa kugwidwa ayi. Ankakufuna. Zaka makumi atatu anali akudikira tsiku limene wina adzatsegule felemuyo n'kunena kuti amene anadyetsa mayi uja atakana chakudya ndi mwana wamkaziyu. Chinali chinthu chimodzi chokha chimene anapatsa amayi awo n'kuwakondweretsa nacho, ndipo ankachisunga mumtima ngati chawochawo. Tsopano wakumanda uja anabwera n'kudzachitenga, mzere ndi mzere, osasiya ngakhale kachala.

"Achimwene," ananong'ona, "ngakhale chimenechi?"

Mbali yawo ya kumanzere inazizira, ngati wina waima pafupi kwambiri. Sanatembenuke. Sankadziwa ngati mlongo wawo anachita zimenezi powaphimba kapena powalanga, ndipo panalibe womufunsa.

Nyundo inagunda, anthu anawomba m'manja. Mng'ono wawo anabwera akudzipukuta misozi ndi kansalu n'kuwakolowekera mkono.

"Asisi, ndinali ndisanaimvepo bwino nkhaniyi. Achimwene ankawakondadi amayi, eti?"

Mayi Diso anayang'ana anthu a magolovesi aja akukulunga chithunzicho m'pepala lofewa, kupinda mbali iyi, kupinda mbali inayo, mpaka khomo lija litabisika.

"Eya," anatero. "Ankawakonda."

Anamasula mkono wawo pang'onopang'ono, n'kubwerera kutebulo lawo, kumene mapepala a malonda a mwezi wamawa anali kuwadikira kuti awauze zoona.