Sikirini Yoopa Apongozi

Phwando lotsanzikana ndi apongozi ake linali la 3 koloko masana, koma 10 koloko m'mawa inamupeza Mjambuli akulimbanabe ndi kompyuta. Apongoziwo anali mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya pulayimale, ndipo tsikulo amapuma pa ntchito atagwira choko zaka makumi atatu ndi zisanu. Vidiyo yokaonetsa mu holo anaisiya m'manja mwa mkamwini wawo, osati chifukwa chomukhulupirira, koma chifukwa mwana wawo anachita kuwachonderera. Kwa iwo, bambo wandevu zake wokhala pa mpando tsiku lonse n'kumadula zithunzi za maukwati a eni anali asanapeze chochita. Mjambuli ankadziwa zimenezi ndipo zinkamuwawa. Vidiyoyo ikanalephereka, nkhani yake ikanamakambidwa pa msonkhano uliwonse wa banja mpaka iye kumera imvi.

Vuto loyamba linali la pulogalamu yodulira mavidiyo. Akagwira ntchito mphindi khumi, inkangodzitseka yokha osatsanzika. Anaichotsa n'kuiikanso, anafufuta mafayilo akale, anasaka vairasi, koma ayi ndithu. Kenako anamva fani ya mkati ikulira ngati yapanikizidwa pakhosi. Atasuzumira pansi pa tebulo anapeza bokosi la kompyuta lavekedwa kansalu koluka, pamwamba pake pali kabotolo ka maluwa apulasitiki.

"Mayi, nsalu iyi yafika liti pano?" anafunsa mkazi wake, yemwe amasita malaya pakhomo la chipindacho.

"Dzulo. Chibokosi chanucho chimaoneka ngati cha m'galaja. Alendo aziti m'nyumba muno mulibe mkazi?"

"Chimapumira pamenepa."

"Chimapuma? Ndiye neneranitu ngati chimadyanso, ndizichiphikira."

Anachotsa nsaluyo, bokosi linazizira, pulogalamu inasiya mwano. Mjambuli anapumira m'mwamba, osadziwa kuti chachikulu chinali chisanabwere.

Cha m'ma 11, ali mkati molumikiza zithunzi, sikirini inangoti mdima bii, pakati pake timawu tachingerezi tonena kuti siginolo palibe. Anadzuka kuti aone chingwe chakumbuyo, chithunzi n'kubwerera chokha asanagwire kalikonse. Anakhala pansi, anapitiriza, mdima uja n'kubweranso. Anazimitsa n'kuyatsa. Anaika madiraiva atsopano, timapulogalamu toyendetsa sikirini. Anapukuta fumbi, anapepeta pa pulagi, anafika mpaka poinyengerera ndi mawu okoma, zimene sanachitirepo ngakhale mkazi wake. Akaimirira, zonse zili bwino. Akakhala pansi, pakapita kanthawi, bii.

Mlamu wake, amene anabwera kudzatenga sipika zokaika mu holo, anaima kumbuyo kwake manja ali m'thumba. Munthuyu za makompyuta sankadziwa ngakhale poyatsira, koma maganizo sankamuthera.

"Alamu, tabwezani kumbuyo pang'ono. Kodi simukuona?"

"Ndione chiyani?"

"Ana akuimba, zili bwinobwino. Aphunzitsi akulankhula, zili bwinobwino. Amayi akangotulukira, yathima."

Mjambuli anaseka, koma anayesa. Ana a sukulu anaimba nyimbo yonse, sikirini ili gwa. Mlonda wa pageti anayamikira kwa mphindi ziwiri, palibe chinachitika. Kenako nkhope ya apongozi inadzaza sikirini, magalasi ali pamphuno, ndipo pomwepo kunada. Anabwereza katatu, katatu konse chimodzimodzi.

"Makina amadziwa," anatero mlamuyo motsitsa mawu. "Ine ndakulira m'nyumba mwawo. Wailesi yathu inkasiya kulankhula iwo akamalowa."

"Munkazimitsa ndinu, achimwene," anayankha mkazi wa Mjambuli.

"Ngakhale ndisanaigwire, inkayamba yachepetsa mawu."

Mjambuli anali munthu wophunzira, wodziwa kuti kompyuta ilibe apongozi. Anaganiza kuti mwina fayilo ya zithunzizo ndi yowonongeka, naisintha mtundu. Zimenezo zinadya ola lathunthu, ndipo zotsatira zake zinali mdima womwewo. Thukuta linali kamukamu. Vidiyo ya mphunzitsi wamkulu yopanda mphunzitsi wamkuluyo akanakaionetsa bwanji?

1 koloko itangodutsa, mwiniwake wa phwando anafika, atavala suti ya buluu, chikwama chili pamkono. Anati akudutsa chabe, koma aliyense anadziwa kuti abwera kudzayendera ntchito.

"Bambo, ndamva kuti zavuta."

"Pang'ono chabe, amayi. Ndi nkhani ya siginolo."

"Tandionetsani."

Mlamu anasuntha n'kukaima pafupi ndi chitseko. Mjambuli anayatsa vidiyo. Ana anaimba, mlonda anayamikira, nkhope inatulukira, mdima.

Apongozi sanayang'ane sikirini n'komwe. Munthu amene wayang'anira mayeso zaka makumi atatu ndi zisanu amayambira kuyang'ana pansi pa desiki.

"Bwerezani," anatero. Atabwereza, analoza ndi chala. "Phazi lanulo likutani?"

Mjambuli anayang'ana pansi. Miyendo yake, imene nthawi zonse inkakhala chotambalala, inali itapindidwa mwaulemu pansi pa mpando, mawondo ali pamodzi, msana uli chilili. Chidendene chakumanja chinali chitakola chingwe cha sikirini n'kuchikoka pang'ono, ndipo pulagi yake yokalamba inali itapendekeka. Anatambasula mwendo, chithunzi chinabwera. Anaonamo apongozi, mwendo unabwerera wokha, chithunzi chinapita.

Mkazi wake anaseka mpaka kukhala pa mulu wa zovala zosita. Mjambuli analakalaka pansi patang'ambika.

"Zaka zisanu ndi ziwiri muli m'banja lino," anatero apongozi, "mukundiopa ndi pa chithunzi pomwe?"

"Ndi ulemu, amayi."

"Ana a sukulu nawonso amatero." Apongozi anakoka mpando wina n'kukhala pambali pake. "Tambasulani miyendo. Yonse iwiri. Isabwererenso."

Lamulo limenelo miyendo inalimva bwino kuposa madiraiva atsopano aja. Mlamu anamanga chingwe ku mwendo wa tebulo ndi tepi, n'kunena kuti iye anadziwa kale kuti vuto lili pansi.

Vidiyo inayenda kuyambira poyamba. Apongozi anaonera manja ali pa chikwama, ngati akuchonga mayeso. Chakumapeto kunabwera chithunzi chimene Mjambuli anachisaka masiku atatu m'mavidiyo akale a sukulu. Kanali katsikana ka sitandade wani katavala magalasi a mphunzitsi wamkulu mozondotsa, ndipo mwini magalasiwo anali akuseka, mutu uli chagada, mano onse pamtunda.

Apongozi anasendera pafupi ndi sikirini.

"Ameneyo ndine?"

"Ndinu, amayi."

"Ine ndimaseka choncho?"

"Ndinapeza kamodzi kokha. Anali masekondi anayi. Ndachita kuchepetsa liwiro kuti akwane khumi."

Mlamu anayang'ana kudenga. Apongozi anavula magalasi, anawapukuta nthawi yaitali ndi kansalu koluka kamene anakapeza patebulo, n'kuwavalanso.

"Kodi makina anuwa angathe kufikitsa makumi awiri?" anafunsa.

"Angathe, amayi."

"Fikitsani, mwananga. Mu holomo mukhala anthu ambiri amene sanaonepo."