Lolemba M'chipinda cha Maseva

Mwamuna wake anaikidwa m'manda Lachinayi. Lolemba m'mawa iye anali kale pa kampani pomwe ankasamalira maseva, makompyuta akuluakulu osunga zinthu za mabungwe. Abwana atamuona pakhomo anaimirira.

"Mayi, tinakupatsanitu milungu iwiri."

"Kunyumba kwadzaza anthu," anayankha. "Kuno chavuta n'chiyani?"

Abwana anayang'ana Wamtali, mnzake wa mayiyo wa pa desiki yoyandikana, amene anali atalimbana ndi vutolo sabata yathunthu. Seva yatsopano yosunga zotsatira za magazi za chipatala china inkachedwa kuposa yakale. Madokotala ankachita kudikira kuti tsamba limodzi litseguke.

"Ndawonjezera memole, ndazimitsa, ndayatsa," anatero Wamtali. "Kwangotsala kuipempherera." Anayamba kuseka, n'kudzigwira pakamwa.

Iye sanaseke, sanakwiyenso. Anatenga laputopu n'kulowa m'chipinda cha maseva, momwe mafani ankangolira ndipo mphepo yozizira inkatulukira pansi. Juzi anaiiwala pampando, koma sanaibwerere.

Sevayo inali ndi mapurosesa awiri, omwe ndi ubongo wa makinawo, iliyonse ndi memole yakeyake pafupi yosungiramo zomwe ikugwiritsa ntchito. Anapeza kuti pulogalamu ya chipatala ikuyendera pa purosesa yoyamba, pomwe zambiri zomwe imawerenga zili mu memole ya inayo. Chilichonse chinkachita kukatengedwa kutali. Makinawo ankangoisamutsanso pulogalamuyo, uku ndi uku. Iye anaikhazika pa purosesa imodzi, n'kulamula kuti memole izitenga ya pomwepo. Zala zinkangolemba zokha.

Foni inalira. Anali mlamu wake, mng'ono wa malemu.

"Alamu, amayi akuti masuti a achimwene aja tigawane lero, anthu asanabalalike."

"Gawanani."

"Nanga yabuluu ija ya pa ukwati wanu?"

"Iliyonse."

Anadula foni, n'kuyambitsanso pulogalamu. Tsamba linatseguka chala chisanachoke pa batani. Anayesa kasanu, kenako analemba zonse zomwe wasintha kuti Wamtali adzazipeze.

Masana abwana analowa kudzanena kuti a kuchipatala aimba foni yothokoza. Anamupeza atakhala pansi, atatsamira kabati ya maseva, manja atauma ndi kuzizira.

"Mwatiombola, mayi. Tsopano pitani mukapume."

"Pali seva ina, nayonso ili ndi mapurosesa awiri," anatero. "Ndiione kaye."

Abwana anatuluka n'kutseka chitseko mosamala.

Seva yachiwiriyo inalibe vuto lililonse. Anazidziwa pasanathe mphindi khumi, komabe anawerenga manambala ake mzere ndi mzere mpaka nthawi yoweruka.