Fomu ya Mwana Wosasokosa

Fomu ya kuchipatala yoti aphunzitsi a mtsikana adzaze inabwerera kunyumba kachitatu ili mbee, yopanda ngakhale kadontho ka inki. Mayi wa mtsikanayo, telala wa pakhonde la sitolo, anaipeza itakwinyika m'chikwama cha mwana pamodzi ndi sokosi imodzi, ndipo mtima unamuwawa zedi. Adokotala ananena mosapita m'mbali kuti Lachinayi akufuna mapepala awiri, la makolo ndi la aphunzitsi, apo ayi mwanayo samuyeza. Bambo ake nawo anali atagamula kale kuti akalepheranso mayeso, sukulu yathera pomwepo.

Mwanayo anali wa zaka zisanu ndi zinayi, wofatsa ngati madzi a mumtsuko. Ukamutuma singano, umupeza pakhomo akuonerera nyerere. Kuchipatala anafunsa ngati anabadwa masiku asanakwane: ee, wa miyezi isanu ndi iwiri, kamwana kokwana m'manja. Anafunsanso ngati kumtundu kuli wina wotero. Telala anachita kuseka, poti mlongo wake mpaka lero amaiwala njinga kumsika n'kubwerako wapansi.

Lachitatu m'mawa telala anavundikira makina ake osokera, n'kulondola mwana mpaka m'kalasi. Aphunzitsi, mayi wa magalasi, anafotokoza mokoma kuti vuto la kusakhazikika maganizo amalidziwa bwino, ndi la anyamata okwera pamadesiki, oyankha funso lisanathe. Analoza awiri amene ankalimbirana rula. Koma uyu? Sasokosa, samenya mnzake, ndi ulesi basi. Ndipo iwo, ndi ana makumi asanu ndi atatu, analibe nthawi yodzaza mapepala a mwana wopanda mlandu.

"Ndiye kuti akanaswa zenera mukanalemba?" anafunsa telala.

Aphunzitsi anati asawaphunzitse ntchito. Telala sanakweze mawu. Anayala makope a mwana patebulo n'kumatsegula tsamba ndi tsamba: deti pamwamba, mutu wa phunziro, mzere umodzi wolembedwa bwinobwino, kenako mbee mpaka pansi. Chaka chonse chimodzimodzi. Waulesi wanji amene amayamba ntchito tsiku lililonse?

Atatero anakoka kampando ka ana n'kudzipanikiza pamenepo, mawondo kufika pachibwano. Kalasi yonse inafa ndi phwete. Aphunzitsi anaopseza kuti aitana ahedi. Iye anati aitanidwe ndithu, abwere ndi cholembera chawo.

"Sindikupempha kuti mumukonde, ayi. Muyang'aneni ola limodzi lokha, mulembe zimene mwaona."

Phunziro linayamba monyinyirika. Sipanapite nthawi, pensulo ya mtsikanayo inaima pakati pa mawu, maso ali kuzenera. Aphunzitsi anamuitana, kuli zii. Anaitananso mokweza. Kachitatu mwana anadzidzimuka, n'kuyang'ana pabolodi, n'kuyang'ana anzake amene anali atatsegula kale tsamba lina, misozi ili lengelenge.

Aphunzitsi anaika choko pansi. Anatambasula dzanja kuti apatsidwe fomu, n'kufunsa chapansipansi kuti zimenezi zayamba liti.

"Kuyambira tsiku limene munamulandira," anatero telala. "Pa desiki yomweyo, pamaso panu."